Sekondale yaulere yafika, nanga makalabu awasamala ndani?

Boma linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026, wophunzira wa pasekondale ya boma asamalipirenso ndalama ya chitukuko cha sukulu ngakhale ya mayeso. Ndi lonjezo lomwe Pulezidenti Peter Mutharika anayenda nalo pa kampeni, n'kudzalibwereza atapambana chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025. Kwa kholo lomwe linkagulitsa mbuzi kapena thumba lomaliza la chimanga kuti mwana asabwezedwe pageti, uwu ndi mpumulo weniweni. Pamenepo ndilibe nawo mawu.

Chilengezereni nkhaniyi, pa Facebook, m'magulu a WhatsApp ndi m'mapulogalamu oimba foni pawailesi, anthu akhala akufunsa za madesiki, zipinda zophunziriramo, aphunzitsi, komanso ngati ndalama ya boma izifika m'sukulu pa nthawi yake. Onsewa ndi mafunso oyenera. Koma pali limodzi lomwe sindikulimva: belu lomaliza likalira, ana amenewa azitani?

Ndikunena za makalabu. Zisudzo, mtsutso, kwaya, mpira, Red Cross, kalabu ya zachilengedwe, ya sayansi, ya olemba nkhani, SCOM, YCS, ma Scout ndi ma Girl Guide. Ndikunenanso za ntchito zomwe ophunzira amagwira kunja kwa mpanda wa sukulu, monga kudzala mitengo, kukonza pamjigo, kukazonda odwala kuchipatala kapena kuthandiza ana a kupulayimale kuwerenga. M'sukulu zambiri, kandalama komwe makolo ankasonkha kaja ndi komwe kankagula mpira, kulipira lole yopita ku mpikisano wa zisudzo, kapena kugula machubu ofesera mbande. Kankachepa, inde, ndipo nthawi zina kayendedwe kake kankakayikitsa, koma kanalipo.

Ndiye tangoganizani kuti ndinu mphunzitsi wamkulu. Ndalama ya ku boma yafika, koma ndi yochepa. Choko chatha, mapepala olembera mayeso a teremu palibe, mlonda akudikira malipiro, bilu ya madzi ili patebulo. Kenako patironi wa zisudzo akugogoda, akuti ana akufuna thiransipoti Loweruka. Mumuyankha chiyani? Inu ndi ine tikudziwa yankho lake. Palibe amene adzalembe kalata yothetsa makalabu. Adzangofa okha, mwakachetechete, imodziimodzi.

Zomwe satifiketi ya MSCE sinena

Tinene chilungamo: makalabu anayamba kudwala kalekale, sukulu yaulere isanabwere. Nthenda yake ndi mapointi.

Bungwe la MANEB limayesa zomwe mwana walemba papepala. Bungwe la NCHE, posankha opita ku mayunivesite 6 a boma, limayang'ana magiredi a MSCE. Wophunzira amene anatsogolera kalabu ya Red Cross zaka zitatu ndi mnzake amene sanapondeko n'komwe, pa fomu yofunsira malo amaoneka chimodzimodzi. Ana si opusa. Akaona kuti chowerengedwa ndi mapointi okha, akafika Fomu 3 amayamba kuthawa makalabu, ndipo wa Fomu 4 ukamupeza pa zisudzo anzake amamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Makolo nawo amati zimenezo n'zamasewera, pita ku patitayimu.

Aphunzitsi nawonso ali ndi zifukwa zawo. Masana, zipinda zomwe zija zimasanduka za open school, komwe mphunzitsi amapezako kangachepe kowonjezera pa malipiro. Upatironi wa kalabu ulibe alawansi, ndipo munthu akamafunsira kukwezedwa pantchito sakhulupirira kuti zaka zomwe anathera Loweruka akuperekeza ana ku mtsutso zimuthandiza. M'sukulu zolowa mosinthana, gulu lina m'mawa lina masana, ngakhale chipinda choti kalabu ikumanemo chimasowa. Ku CDSS yakumudzi, mwana amene wayenda mtunda wautali, mimba ili pululu, sangatsale mpaka 4 koloko chifukwa cha kwaya. Mtsikana ndiye akudikiridwa kunyumba ndi ndowa, nkhuni ndi mphika.

Zotsatira zake n'zakuti makalabu amoyo atsala kwambiri m'sukulu zogonera konko, zamishoni ndi zapulayiveti zodula. Kumeneko mwana amaphunzira kuima kutsogolo kwa anthu, kulemba kalata yopempha thandizo, kusunga ndalama za gulu, kuyendetsa msonkhano. Mnzake wa ku CDSS, komwe kuli ophunzira ambiri a sekondale za boma, amatuluka ndi manotsi okha. Akadzakumana pa intavyu, wofunsa n'kunena kuti "tiuzeni za nthawi yomwe munatsogolerapo anzanu," mmodzi ali ndi nkhani yoti anene, winayo akuyang'ana kudenga. Mapointi angafanane, koma kusiyana kwa awiriwa kunayamba 2 koloko masana, zaka zinayi m'mbuyomo.

Bolodi la pakhoma

Ine ndinaphunzira pa CDSS, ndipo utolankhani sindinauyambire ku yunivesite. Ndinauyambira pa kabolodi kothyoka ngodya komwe kanapachikidwa pafupi ndi ofesi ya aphunzitsi. Madamu athu a Chingerezi anasonkhanitsa ana pafupifupi khumi, n'kutiuza kuti Lolemba lililonse pabolodipo pazikhala nkhani za pasukulu, zolemba pamanja. Tinalibe kompyuta, tinalibe kamera. Mapepala ankagula okha.

Tsiku lina tinalemba kuti zimbudzi za atsikana zilibe zitseko, ndipo ena akumajomba masiku ena a mwezi chifukwa cha zimenezo. Madamu anatibweza kawiri. Koyamba anati mwawerenga zitseko zingati zomwe palibe? Kachiwiri anati mwawafunsa ahedi mbali yawo? Tinapita muofesi miyendo ikunjenjemera. Ahedi sanasangalale nazo, koma anatiyankha, ndipo nkhani inatuluka ndi mbali zonse ziwiri. Komiti ya makolo itakumana, zitseko zinaikidwa.

Ku yunivesite ndinadzangophunzira mayina a zinthu zomwe madamu aja anali atandiphunzitsa kale. Koma chomwe chimandiwawa ndi ichi: atawasamutsa, kalabu ija sinathe ngakhale teremu imodzi. Sinali pa ndondomeko ya sukulu, inalibe bajeti, inalibe wolowa m'malo. Inali pa mtima wa munthu mmodzi basi. Makalabu ambiri m'dziko muno ali choncho, ndipo chinthu chodalira mtima wa munthu mmodzi sitinganene kuti ndi mbali ya maphunziro. Ndi mwayi chabe.

Si ine ndekha. Malemu Du Chisiza Jnr, yemwe dzina lake silisowa pokamba za zisudzo m'Malawi, anadziwika ali mwana wasukulu pa HHI ku Blantyre, pomwe sewero lake linapambana mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM mu 1982. Wakhumbata inabadwa pambuyo pake. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002. Makina ake amphepo opangira magetsi sanachokere pa silabasi, anachokera mu kalaibulale kakang'ono ndi pamulu wa zitsulo zotayidwa. Sukulu yaulere ikanamusunga m'kalasi, n'zoona. Koma funso n'lakuti, akanakhalamo, kodi sukuluyo ikanamupatsa malo ndi nthawi yoti agwiregwire mawaya, kapena ikanamuuza kuti asiye zamisala aloweze manotsi?

Ntchito yothandiza inaipa dzina bwanji?

Mbali ya makalabu ndi yosavuta kuikonda. Yovuta ndi iyi ya kutumikira m'dera. Mukangotchula kuti ana asukulu azigwira ntchito m'mudzi, anthu ena tsitsi limaima, ndipo ali ndi zifukwa zomveka.

Mawu oti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana, monga anansi amachitira pa dima. Azungu a m'maesiteti a kum'mwera anawatembenuza kukhala ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo iyi inali imodzi mwa nkhanza zomwe zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda kunabwera Youth Week, sabata yomwe chaka chilichonse achinyamata ndi ana asukulu ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kuumba njerwa. Funsani akuluakulu kwanu, mumva mbali ziwiri. Ena amaloza mlatho kapena chipinda cha sukulu n'kunena kuti tinamanga ndi manja athu. Ena amakumbukira kuti kukana kunalibe, a Payoniya ali chiimire. Matipate atabwera mu 1994, Youth Week inatha, ndipo andale ena anayamba kutchula ntchito zachitukuko zodzithandiza kuti thangata. Tinataya chikakamizo, zomwe zinali zoyenera, koma pamodzi nacho tinatayanso chizolowezi chogwirira limodzi ntchito ya tonse.

Sukulu zathu zinamaliza kuipitsa. Wachedwa? Tenga chikwakwa ukatchetche. Walongolola m'kalasi? Kakumbe dzenje la zinyalala. Wajomba? Katsuke zimbudzi. Kwa zaka 12, kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4, mwana amaphunzira kuti tsache ndi khasu ndi zida za chibalo, ndipo wanzeru ndi amene wazemba. Ndiye tikudabwa chiyani kuti akakula amaponya botolo pawindo la minibasi n'kumati akhonsolo adzatola?

Mu Novembala 2020, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Miyezi yoyamba zithunzi zinali mbwee, mabwana atavala magolovesi. Inu munaliona liti komaliza kudera kwanu? Chizolowezi sichibwera ndi chilengezo cha pamsonkhano. M'mera mpoyamba, ndipo poyambira pake ndi kusukulu.

Chimodzimodzi nyengo yodzala mitengo, yomwe imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka ana amatengedwa m'kalasi, kupatsidwa mbande, kujambulidwa ndi mlendo wolemekezeka, basi. Pofika Okutobala mbuzi ndi moto zamaliza. Bungwe la WESM lakhala likuthandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri, ndipo nzeru yake ndi yosavuta: kalabu imakhalapo chaka chonse. Ana 20 amene adzala mitengo 100, kuitchingira, kuithirira m'chilimwe, n'kudzawerenga kuti yapulumuka ingati, achita zambiri kuposa sukulu yonse yodzala 2,000 tsiku limodzi. Aphunziranso Biology, Agriculture ndi masamu osazindikira.

Ndipo tisamayese kuti izi n'zokongoletsa chabe. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, mliri womwe unapha anthu oposa 1,700. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Pa nthawi ngati imeneyo, mwana wa Fomu 2 wodziwa chithandizo choyamba, kusungunula Thanzi ORS ndi kuthira mankhwala m'madzi akumwa, ndi wofunika pamudzi kuposa momwe timaganizira. Makalabu a Edzi Toto anachitapo zotere m'zaka zomwe makolo ambiri sankatha kutchula nkhani ya HIV pakhomo: ana ankauzana okhaokha, kudzera m'nyimbo ndi masewero.

"Ana akulephera mayeso, inu mukuti azisewera?"

Ili ndi funso lomwe mphunzitsi kapena kholo lililonse lingandifunse, ndipo si lopusa. M'zaka zaposachedwa, mwa ophunzira 10 alionse olemba MSCE, osachepera anayi akhala akulephera. Wina anganene kuti ola lililonse lipite ku mabuku.

Mayankho anga ndi awiri. Loyamba, popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe, ndipo Chingerezi sichilowa ndi kukopera manotsi. Mwana wa kumudzi amene kunyumba, kumsika ndi kutchalitchi samva Chingerezi, malo okhawo omwe angachilankhule kwa mphindi zisanu zotsatizana ndi pa mtsutso kapena pa sewero. Kutseka kalabu kuti ana akhoze kuli ngati kugulitsa khasu kuti ugule mbewu.

Lachiwiri ndi lowawa. Ngakhale mwa okhozawo, opeza malo ku yunivesite ya boma ndi ochepa. Ambiri amabwerera kumudzi kapena kutauni kukasaka maganyu, kuyamba geni, kulima, kuyendetsa kabaza. Ngati zaka zinayi za sekondale zakonzedwa kuti zitumikire ochepa opita ku yunivesite okha, enawo tawapatsa chiyani? Amene anasungapo ndalama za kalabu amadziwa kulemba zolowa ndi zotuluka. Amene anayendetsapo nazale akhoza kugulitsa mbande. Amene anakhalapo mlembi amatha kulemba mfundo za msonkhano wa banki m'khonde kapena komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba zambiri za achinyamata ndi kusintha kaganizidwe. Kaganizidwe sikasinthira pa pepala la mayeso.

Palinso nkhani ya ziwawa. Pafupifupi teremu iliyonse timamva kuti ophunzira kwinakwake aswa mawindo kapena kuotcha nyumba ya sukulu chifukwa cha chakudya, malamulo kapena chilango cha mnzawo. Kuononga katundu n'kulakwa, ndipo ochita zimenezo ayenera kuyankha mlandu. Koma ndimadzifunsa: ana amenewa anaphunzitsidwapo njira ina yodandaulira? Ife tinapeza zitseko ndi pepala ndi cholembera chifukwa wina anationetsa kuti n'zotheka. Mwana amene sanaonepo dandaulo likuyankhidwa mwamtendere amakhulupirira kuti akuluakulu amamva mwala wokha.

Malire ake akhalepo

Ndisanamveke ngati ndikuitanitsa Youth Week yatsopano, ndinene poyera zomwe si kutumikira dera. Kulima m'munda mwa aphunzitsi si kutumikira dera. Kutunga madzi a kunyumba kwa ahedi si kutumikira dera. Kuimika ana padzuwa m'mbali mwa msewu kudikira wandale, kapena kuwavinitsa pamsonkhano wachipani, ndiye n'kutaliko. Ndipo maulendo a makalabu, makamaka ogona konko, ayenera kukhala ndi mphunzitsi wamkazi ndi chilolezo cha makolo, chifukwa tonse tamvapo za atsikana omwe anachitidwa zachipongwe ndi anthu omwe amayenera kuwateteza.

Kusiyana kwa thangata ndi kutumikira kuli pa mafunso atatu. Wasankha ntchitoyo ndani? Akupindula ndani? Mwana waphunzirapo chiyani? Ngati ana aona okha vuto, akambirana ndi amfumu kapena komiti ya m'dera, agawana ntchito, kenako n'kukhala pansi kuunika zomwe zayenda ndi zomwe zakanika, amenewo ndi maphunziro. Ngati angouzidwa pa asembule kuti mawa aliyense abwere ndi khasu, chimenecho ndi chibalo chovala yunifolomu.

Ku Kenya, m'maphunziro awo atsopano, kuphunzira potumikira dera analiika kukhala phunziro lomwe wophunzira aliyense wa sekondale yapamwamba ayenera kutenga. Sindikunena kuti tikopere zonse, ndipo kuika mayeso pa chinthu chotere kungachisandutse manotsi ena oloweza. Koma anzathuwo avomereza mfundo imodzi: chomwe sichili pa ndondomeko ya sukulu sichichitika.

Zoti zichitike

Choyamba, mu ndalama yomwe boma likutumiza m'sukulu m'malo mwa zomwe makolo ankasonkha, pakhale gawo lolembedwa dzina la makalabu ndi masewero, loti silingasunthidwe kukalipira bilu ya madzi. Lisachite kukhala lalikulu. Likhale lodziwika, ndipo lipachikidwe pabolodi kuti ophunzira aone kuti lapita kuti.

Chachiwiri, nthawi. Ola limodzi kapena awiri pa sabata, mkati mwa nthawi ya sukulu osati ana ataweruka ndi njala, kwa aliyense kuphatikizapo a Fomu 4. Mwana wa ku CDSS woyenda mtunda wautali ndi mtsikana wodikiridwa kunyumba sangapindule ndi kalabu ya 4 koloko.

Chachitatu, umboni. Kalata yomwe sukulu imapereka mwana akamaliza Fomu 4 izinena mwatchutchutchu kalabu yomwe analimo, udindo wake ndi ntchito yomwe anagwira, osati mawu omwe aja oti anali wakhalidwe labwino. Makoleji a ntchito zamanja, a zauphunzitsi, a zaunamwino ndi olemba ntchito aziifunsa. Koma tisathamangire kuisandutsa mapointi a ku yunivesite makalabu asanafike ku CDSS iliyonse, apo ayi tidzangowonjezera mwayi kwa omwe ali nawo kale, ndipo makalata ogula adzachuluka.

Chachinayi, upatironi uziwerengedwa pokweza aphunzitsi pantchito, ndipo kalabu iliyonse ikhale ndi aphunzitsi awiri kuti mmodzi akasamutsidwa isafe.

Chachisanu, tsache lichoke pa mndandanda wa zilango. Kusesa kukhale kwa aliyense mosinthana, ma prefect ndi aphunzitsi omwe. Wolakwa apatsidwe chilango china.

Chomaliza ndi chathu, ife amene tikuwerenga izi pafoni. Pafupifupi aliyense ali m'gulu la WhatsApp la omwe anaphunzira nawo limodzi, komwe timatumizirana zithunzi zakale ndi kusonkha za maukwati ndi maliro. Mtengo wa mabandulo athu a mwezi umodzi, tikaphatikiza anthu 30, ungagule mpira, mapepala a kalabu ya olemba kapena machubu a nazale. Amene muli anamwino, amakaniki, ojambula, owerengera ndalama, Loweruka limodzi pa teremu mukhoza kubwerera kusukulu kwanu kukaonetsa ana zomwe mumadziwa. Osapita ndi malonjezo akuluakulu. Funsani kaye ahedi ndi ophunzira kuti kalabu yomwe ikupumira m'mwamba ndi iti.

Mu 1994 dziko lino linatsegula zipata za pulayimale yaulere. Ana anakhamukira kusukulu, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo mpaka lero tikulimbana ndi funso lakuti akuphunzira chiyani. Ulendo uno tili ndi mwayi wofunsa funsolo koyambirira. Madzulo ano, mng'ono wanu kapena mlongo wanu akabwera kuchokera kusukulu, musangomufunsa kuti wakhoza bwanji masamu. Mufunseni kuti ali mu kalabu yanji, ndipo inakumana liti komaliza. Akakuyankhani kuti kulibe, nkhani imeneyo ipite ku msonkhano wa makolo wotsatira.